Pepala Lomaliza la a Rula

Achimwene anga kuntchito kwawo amawatcha a Rula. Dzinali sanalikanepo, ndipo ngakhale akanalikana sizikanathandiza, chifukwa rula yachitsulo imakhala m'thumba la malaya awo chaka chonse, pamodzi ndi zolembera ziwiri, chakuda ndi chofiira. Akamaliza kuwonkhetsa manambala amajambula mizere iwiri pansi pake, kenako amapukuta rulayo ndi kansalu. Anzawo a mu ofesi amaseka, poti masiku ano zonse zili pakompyuta, koma kompyutayo ikawasokoneza mitu amathamangira kwa a Rula omwewo.

Ine ndine mlongo wawo, amandiposa ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinene msanga chinthu chimene chimandiwawa, kuti ndisamachizungulire: ine ndine akauntanti wa satifiketi, iwo ayi. Chonsecho amene anandiphunzitsa kuti tsamba la maakaunti lili ndi mbali ziwiri zoyenera kufanana ndi iwowo, patebulo lawo lodyera, ndili kamtsikana kongomaliza kumene sukulu.

Mayeso a satifiketiyi ali ndi mapepala khumi ndi awiri. Bungwe lake lili ndi lamulo lopanda chisoni: kuchokera tsiku limene wakhoza pepala loyamba, uli ndi zaka khumi zoti umalize onse. Zikakwana usanamalize, onse amene unakhoza amafufutidwa, umayambiranso pansi ngati mwana wa dzulo. Achimwene anayamba ali ndi zaka 39. M'zaka zisanu ndi ziwiri anagwetsa mapepala khumi ndi limodzi, akugwira ntchito, akulera ana awiri. Kenako anafika papepala lomaliza, n'kuima pomwepo. Analilemba kasanu, analephera kasanu. Chaka chimene ndikunenachi chinali chachikhumi, iwo ali ndi zaka 49, ndipo anali atatsala ndi mwayi umodzi basi.

Kuti muwamvetse achimwene, muyenera kudziwa amene anawaumba. Bambo athu atangomwalira, iwo ali ndi zaka 19, analowa ntchito mu ofesi ya sitolo yaikulu yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Ofesiyo inali kachipinda kakuseri kopanda zenera, konunkha simenti ndi penti. Kalaliki wamkulu wa mmenemo anali nkhalamba ina imene onse ankaitcha a Magalasi. Ndinawaonapo kamodzi kokha a Magalasiwo, koma ndimadana nawo mpaka lero, ngakhale anatsikira kulichete kalekale. Anali ndi lamulo limodzi: tsamba losabalansa, ndiye kuti limene mbali zake ziwiri sizikufanana, lisachoke m'manja mwako. Ukawapatsa lotero ankaling'amba pamaso pako osaliwerenga n'komwe.

"Ichi si cholakwika, mwana iwe," ankatero. "Ili ndi bodza. Ukufuna undisainitse bodza?"

Tsiku limene ndinkalandira mphoto ya masamu kusukulu, achimwene anali atalonjeza kubwera. Ndinkangotembenukira kukhomo mpaka khosi kuwawa. Sanabwere. Anakhala masana onse akusakasaka nambala imodzi imene anali ataitembenuza, 54 m'malo mwa 45. Atafika kunyumba anandipepesa ndithu, koma nkhope yawo inali yowala, chifukwa anali ataipeza. Anakhala pansi pa a Magalasi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo atachoka anawanyamula m'mutu.

Pano agwira zaka zoposa makumi awiri pakampani yopanga mipando. Aphunzitsa ntchito mabwana atatu. Aliyense amabwera ndi satifiketi yake m'fulemu, amaipachika pakhoma, kenako amatseka chitseko n'kufunsa a Rula kuti zinthu zimayenda bwanji pano. Achimwene amawafotokozera mwaulemu, n'kubwerera padesiki yawo yapakona, pafupi ndi makina okopera mapepala.

Ine mayesowa ndinayamba patapita zaka zitatu iwo atayamba, ndi mabuku awo omwe, okhala ndi timawu tawo tofiira m'mbali. Ndinamaliza m'zaka zisanu. Pepala lomalizalo ndinalikhoza ulendo woyamba. Tsiku limenelo achimwene anandigwira chanza ngati mlendo wolemekezeka, anati, "Wachita bwino, mlongo wanga," ndipo kuchokera pamenepo nkhani ya mayeso inafa pakati pathu. Tikakumana tinkakamba za ana, za mvula, za bondo lawo. Zotsatira zawo zikatuluka ndinkamva kwa alamu anga, akazi awo, monong'ona: 41, 38, 44, 43, 45. Kukhoza ndi 50.

Amene anathyola chete ameneyu ndi alamuwo. Ndi mayi wosoka makatani, wosapsatira mawu. Tsiku lina anatulukira ku ofesi kwanga ndi chikwama cha nsalu paphewa, anakana mpando.

"Alamu, achimwene anuwa atsala ndi ulendo umodzi. Ukapita umenewu, zaka khumi zija zapita m'madzi. Okha sakupemphani, mukuwadziwa. Bwerani Loweruka ngati mukungodutsa."

"Nanga akandithamangitsa?"

"Akuthamangitseni m'nyumba ya ndani? Makatani onse a mmenemo ndinasoka ine."

Ndinapita. Kunali kutatsala masabata khumi ndi awiri. Ndinawapeza patebulo lomwe lija, buku la mafunso oyeserera lili chotsegula. Pashelefu pamwamba pa wailesi ya kanema panali makope achikuto cholimba 23, oimikidwa mwandondomeko, lililonse ndi nambala yake pamsana. Ndinatsitsa limodzi. Munali mayankho a mafunso oyeserera, olembedwa mwaukhondo moti ukanatha kuwasindikiza momwemo. Palibe pofufuta, palibe pokhwatcha, lililonse lobalansa. Ndinatenga buku la mafunso kuti ndione mayankho a kumapeto, ndipo ndinapeza masamba onse a kumapetowo atamenyedwa sitepula.

"Achimwene, izi n'chiyani?"

"Munthu asamaonere mayankho. Ukabalansa wekha sufunikanso kuuzidwa."

"Funso limodzi ngati ili mumatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera. Lina masiku awiri. Lina sabata."

"Sabata! Mayeso ake ndi a maola atatu!"

"Wotchi ndimaidziwa kuwerenga."

"Ndiye bwanji simuiyang'ana?"

Anavula magalasi awo owerengera, n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili wamng'ono ndikathyola kapu. Koma sanandithamangitse.

Apa m'pamene ndinamvetsa zonse, ndipo ndinadzikwiyira kuti ndinakhala zaka ziwiri ndili duu. Pepala lomalizalo lili ndi mafunso anayi. Loyamba ndi chimphona cha malikisi 40: amakupatsa mabuku a makampani awiri, ina yagula inzake, uwaphatikize akhale amodzi. Ena atatuwo ndi a malikisi 20 lililonse. Aliyense amene anakhoza amadziwa kuti wochonga amapereka malikisi pa sitepe iliyonse imene wayenda bwino. Kubalansa kwenikweniko kuli ndi malikisi awiri okha. Ukaona kuti sizikufanana, umapukusa mutu n'kupita kutsogolo. Achimwene sankapita kutsogolo. Ankakhala pa funso loyamba maola awiri akusaka pamene pasiyana, lachiwiri n'kulilemba mothamanga, lachitatu theka. Maulendo asanu onsewo, funso lachinayi sanalione nkhope. Munthu wodziwa maakaunti kuposa tonse m'holo muja ankalephera chifukwa cha malikisi awiri.

Ndinapita kukhitchini, ndinatenga mpeni wa buledi, n'kuzula masitepula onse iwo akuona. Kenako ndinawauza malamulo anga. Loweruka lililonse, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, pepala lathunthu la mayeso akale. Funso loyamba ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri, osawonjezera ngakhale ya kupuma. Ena atatuwo mphindi 36 lililonse. Foni yanga ikalira, ndilanda pepala. Masana tichonga limodzi ndi ndondomeko ya wochonga, ndipo cholakwika chilichonse tichilemba patsamba limodzi, kuti mkati mwa sabata aziyeserera zokhazo zimene zikuwagwetsa, osati zimene amazikonda.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero monyodola.

Loweruka loyamba foni italira, ndinatambasula dzanja. Iwo anapanikiza pepala ndi chigongono.

"Dikira, ndatsala pang'ono. Pali 1,200 penapake."

"Nthawi yatha."

"Mphindi zisanu zokha."

"M'holo muja mudzapempha ndani?"

Ndinakoka, iwo anakoka, ngodya ya pepala inang'ambika. Anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Sindinawaonepo atapsa mtima choncho.

"Iwe! M'nyumba mwanga muno!"

Makina osokera kuchipinda china anaima. Alamu anasuzumira pakhomo, mapini osokera ali pakamwa, anawalavulira m'manja.

"Nyumba ndi yanu, bambo, palibe akukana. Koma wotchi ndi ya alamu. Dzutsani mpandowo."

Anaudzutsa. Masana ndinachonga funso lija iwo ali pambali panga, mzere ndi mzere. Linapeza 29 pa 40. Sanakhulupirire. Anatenga ndondomeko ya wochonga n'kuiwerenga okha kawiri.

"29 pa chinthu chabodza?"

"Si chabodza, achimwene, n'chosamaliza."

"Iweyo ungapereke chimenechi kwa abwana ako?"

"Wochonga si bwana wanu. Safuna mabuku oti akagwiritse ntchito. Akungofuna aone ngati njira mukuidziwa."

"Ndiye mayeso ake ndi ophunzitsa anthu ulesi."

"Kaya. Akhozeni kaye, muwanyoze pambuyo."

Alamu anaseka kuchipinda kuja, koma achimwene sanaseke.

Kulanda pepala kunali kosavuta. Chovuta chinali chimene chinkatsala m'mutu mwawo. Ndikawapatsa funso lachiwiri, maso awo ankangobwerera pa pepala la funso loyamba limene ndinali nditalipanikiza pansi pa chigongono. Milomo inkayenda, akuwonkhetsabe manambala a funso limene lapita. Thukuta linkatsika m'masaya ngakhale kunja kukuzizira. Loweruka lachitatu anakhala mphindi khumi ndi zisanu cholembera chili m'mwamba, osalemba ngakhale chilembo. Kenako anachiika pansi bwinobwino.

"Sindingathe, mlongo wanga. Zili ngati ndatuluka m'nyumba n'kusiya mpopi ukutuluka madzi."

Chisoni chinandigwira. Munthu amene anandilera, imvi zili mbuu m'mbali mwa makutu, atasowa chochita patebulo lake lomwe. Ndipo pamenepo ndinachita chimene ndinkachiyesa nzeru. Ndinati, "Tipangane. Pepalali sindilitaya. Ndilisiya kwa alamu. Mawa Lamlungu masana akupatsani, mulibalanse mmene mukufunira, ngakhale mpaka dzuwa kulowa. Koma lero mulisiye."

Anapuma mozama, mapewa anatsika. Anatola cholembera n'kuyamba funso lachiwiri.

Zinagwira ntchito ngati mankhwala. Loweruka lotsatira foni italira anandipatsa okha pepala, osakokana. Anafika funso lachinayi koyamba m'moyo wawo, ndipo atalimaliza anati, "Kani n'losavuta chonchi?" Ndinafuna kuwagenda ndi kapu. Malikisi anayamba kukwera: 52, 55, 58. Tsamba la zolakwika linayamba kufupika. Loweruka lachisanu ndi chinayi anapeza 66. Alamu anatiphikira tiyi wamkaka wambiri, achimwene anayamba kundiseka za kalembedwe kanga konga mapazi a nkhuku, ndipo ine ndinkayenda modzitukumula, ndikuuza anzanga kuntchito kuti ndapeza njira yochiritsira anthu ouma mitu.

Alamu anandichenjeza, sindinganame. Loweruka lachikhumi ndi chimodzi anandiperekeza kugalimoto, anatsitsa mawu.

"Alamu, Lamlungu munthuyu sadya mpaka ataipeza nambala yake. Sabata yatha chakudya chinazizira kawiri. Amadzuka m'mawa n'kuyamba kundizungulira ngati ndabisa shuga. Kodi n'zabwino zimenezi?"

"Asiyeni, bola Loweruka akulemba onse anayi."

"Inu ndi amene munaphunzira," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Ndili m'njira mawu awo anandikhala pamtima. Ndinaganiza kuti Loweruka lomaliza ndilitenge pepalalo ndipite nalo kwathu, ndikaling'ambe, aone kuti dziko silitha. Koma Loweruka litafika ndinawaona ali osangalala, akuimba kamluzu posongola pensulo, ndipo ndinachita mantha kuwasokoneza kutatsala masiku anayi. Ndinalisiya kwa alamu monga mwa masiku onse. Ndimanena mosabisa: pamenepa ndinalakwa ine. Masabata onsewo sindinawaphunzitse kusiya chinthu chosabalansa. Ndinangowaphunzitsa kudikira mpaka Lamlungu.

Mayeso analembedwa Lachitatu m'mawa, m'holo ya koleji ina kumbali ya tauni. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kuwaperekeza. Pakhomo panali mulu wa zikwama ndi mafoni ozimitsa, ndipo olemba anzawo ambiri anali a msinkhu wa mwana wawo woyamba. Mtsikana wina anawapatsa moni mwaulemu n'kuwafunsa kuti akhale pati, poyesa kuti ndi oyang'anira mayeso. Iwo anamuonetsa chiphaso chawo, mtsikanayo anachita manyazi, onse awiri anaseka. Ndinawagwira mkono.

"Ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri, achimwene."

"Ndamva, aphunzitsi."

Ndinakhala pa kakhoma kafupi pafupi ndi malo oimika magalimoto, maola atatu, dzuwa likundiwotcha pamutu. Sindinathe kuwerenga, sindinathe kudya. Ndinkangoyang'ana wotchi n'kumawayendetsa m'maganizo: pano ayenera kusiya loyamba, pano ali pakati pa lachitatu. 12 koloko itakwana zitseko zinatseguka, anthu anakhuthuka akulongolola. Achimwene anatuluka pomalizira penipeni, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija.

"Lachinayi?" ndinafuula ndisanawafikire.

"Ndalimaliza."

"Lonse?"

"Lonse. Lachiwiri ndi lachitatu lomwe."

Ndinawakumbatira pamaso pa anthu, chinthu chimene sitichita ife. Ndinalira pang'ono. Iwo anangoima chilili, manja ali m'mbali, koma ndinayesa kuti ndi kutopa. Tinalowa m'galimoto, ine ndikungobwebweta za kumene tikadyere, za alamu amene akudikira foni. Tinadutsa maloboti awiri. Kenako analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Nditamaliza lachinayi panatsala mphindi zisanu ndi zinayi. Ndinabwerera ku loyamba."

"Palibe vuto, nthawi inali yanu."

"Linali losiyana ndi 360."

"Malikisi awiri amenewo, achimwene. Tinakambirana."

"Ndinaisaka. Sindinaipeze."

"Ndiye basi, iwalani."

Basi ina inatidula kutsogolo, ndinaponda mabuleki. Iwo sanagwedezeke n'komwe.

"Mayi woyang'anira uja atati yatsala mphindi imodzi, ndinaliyang'ana pepala lija. Ndinaganiza kuti ili likupita kwa munthu. Silipita kwa alamu ako. Lamlungu silibwera. Ndipo pamwamba pali nambala yanga."

"Achimwene, mwatani?"

"Ndakhwatcha."

"Mzere uti?"

"Masamba onse anayi."

Pachikuto cha kabuku koyankhiramo pali malangizo asanu. Lachitatu limati chilichonse chokhwatchidwa sichichongedwa. Iwo ankalidziwa pamtima, ine ndinkalidziwa pamtima.

Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu, kutsogolo kwa malo omatira matayala. Zimene ndinalankhula pamenepo sindinyadira nazo. Ndinakuwa mpaka omata matayala anasiya ntchito n'kumatiyang'ana. Ndinawauza kuti a Magalasi anaola kalekale, kuti palibe amene adzawaimbire m'manja chifukwa cha ukhondo wawo, kuti aba zaka khumi za akazi awo, Maloweruka onse amene alamu ankasoka chitseko chotseka kuti makina asawasokoneze. Ndinawatchula dzina limene mlongo satchula mchimwene wake wamkulu. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Dzanja linachita lokha," anatero. "Ndinazindikira nditafika tsamba lachinayi."

"Bwanji simunalembe m'mbali kuti achonge ndithu?"

"Anati tiike zolembera pansi."

"Ndiye munaika."

"Ndinaika."

Ndinawasiya pageti pawo osatsika. Ndinaona alamu atatuluka pakhonde akupukuta manja, akumwetulira, ndipo ndinayendetsa galimoto ngati wakuba.

Zotsatira zimatenga masabata asanu ndi limodzi. Masamu ake anali osavuta, ndipo tonse atatu tinkawadziwa: kuti akhoze anafunika 50 pa malikisi 60 otsalawo. Sindinamvepo munthu amene anachita zimenezo papepala limeneli. Komabe ndinalembera bungwe la mayeso kalata ya masamba awiri, yofotokoza zaka zawo, mapepala khumi ndi limodzi aja, ndi kuti kukhwatchako kunali kwa mantha. Anandiyankha ndi mizere iwiri yaulemu kwambiri, yoti malangizo ali pachikuto. Kunyumba kwa achimwene sindinapondeko. Manyazi a zimene ndinalankhula ankandiletsa, ndipo mkwiyo nawo unali usanathe. Alamu ankandiimbira nthawi zina. Ankati munthuyo akupita kuntchito, akudya, akugona, koma salankhula za kanthu kalikonse kotalika kuposa mawa.

Zotsatira zinatuluka Lolemba. Alamu ananditumizira uthenga wa manambala awiri okha: 46. Anali malikisi apamwamba kuposa onse amene anapezapo papepalali, ndipo anawapeza ndi mafunso atatu. Tsiku lomwelo bungwe linawatumizira kalata ina, yowadziwitsa kuti zaka zawo khumi zakwana, ndi kuti ali olandiridwa kulembetsanso kuyambira pepala loyamba.

Lachitatu achimwene anandiimbira okha. Anati ndipite ku ofesi kwawo nthawi ya nkhomaliro, ndipo nditenge ndondomeko ya wochonga imene bungwe limatulutsa pamodzi ndi zotsatira. Ndinapita ndikuyesa kuti akufuna tikangane za malikisi a mafunso atatu aja.

Ofesi inali yopanda anthu. Madesiki asanu ndi limodzi, fani ikuzungulira padenga, phokoso la macheka likumveka kuchokera kumene amapangira mipando. Anandikokera mpando wa mnzawo, n'kutulutsa m'dirowa masamba anayi.

"Funso loyamba lija. Ndalilemba monga ndinalilembera tsiku lija, mzere ndi mzere. Ndimakumbukira lonse."

Ndinayang'ana pansi pa tsamba lomaliza. Mbali ziwirizo zinali zosiyana ndi 360.

"Simunaipezebe?"

"Ndinaipeza tsiku lomwelo, ndisanavule nsapato. Ndi 180 imene ndinaiika mbali yolakwika, ili patsamba lachiwiri. Koma ndaisiya momwemo. Chonga."

"Achimwene, zithandiza chiyani?"

"Sizithandiza. Chonga."

Anandipatsa cholembera chawo chofiira. Ndinayala ndondomeko ija pambali n'kuyamba. Iwo anakhala manja ali pamawondo, osasuzumira. Sitepe yoyamba yolondola. Yachiwiri yolondola. Malo amene theka la olemba limagwa, iwo anadutsapo ngati pamsewu wa kwawo. Ndinayesetsa kuwalanda malikisi. Paliponse pamene ndondomeko inali yokayikitsa ndinawamana. Ndinkafuna ndi mtima wanga wonse kuti yankholo likhale loipa, kuti ndiwauze kuti ngakhale akanalisiya sizikanasintha kanthu. Pomaliza ndinalemba 33 pamwamba.

Anaiyang'anitsitsa.

"Usandikondere."

"Sindinakukondereni. Ndakumanani atatu amene wina akanakupatsani."

"Wonkhetsanso."

Ndinawonkhetsanso, kuchokera pansi kupita pamwamba monga anandiphunzitsira, ndikupemphera kuti ndipeze pamene ndawonjeza. Sindinapapeze. Ndinakankhira masambawo kwa iwo. Sanafune makina owerengera kuti aphatikize 33 ndi 46.

"79," anatero motsitsa.

Ndinafuna kupepesa za m'galimoto muja, za Lamlungu lija, za zaka ziwiri zimene ndinakhala chete, koma iwo anayamba kulankhula.

"Ndinamaliza lachinayi kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi," anatero. "Ndinakhwatcha kutatsala imodzi." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye kuti kwa mphindi zisanu ndi zitatu ndinali akauntanti, mlongo wanga."

Pakhomo panamveka kuseka, anzawo akubwera kuchokera kunkhomaliro. Achimwene anaimirira, n'kundiuza kuti ndibweze mpando, mwini wake wafika.